Mawindo a Kalavani ya Noreen

Amayi, kaya muli bwanji kumeneko. Ndafunsa chifukwa kalata imayamba choncho, koma ndisakunamizeni, lero sindinabwere ndi mtima wabwino. Ndakukwiyirani. Muli moyo mawu amenewa sakanatuluka pakamwa panga, mukanangondiyang'ana kamodzi ndi diso lanu lija, ine zii. Pano mwagona, ndiye mumva mpaka ndimalize.

Ndiyambe ndi zakumudzi, mungati mwana uja Ulaya wamulanda khalidwe. Mkazi wa mchimwene wanga Yohane anachira mu Epulo, mwana wamkazi, wonenepa bwino. Mphuno ndi yanu ndithu, mtima ndiye tikupemphera. Kachewere anachita bwino kumunda wakumtunda uja, koma chimanga chinapsa ndi dzuwa. Denga lakukhitchini likudonthabe pomwe munalisiya. Yohane, mwana wanu wapamtimayo, akuti akonza mvula ikatha, ndipo chikuikireni m'manda mvula yatha kale kawiri. Azakhali akudandaula miyendo. Zakwanu ndi zomwezo.

Kuno ku Dublin ndikugwirabe ntchito yosamalira okalamba, ndipo tikukhalabe ku Coolock, ine ndi mdzukulu wanu Tadala. Wakwanitsa zaka 14, watalika kundiposa. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, zomwe munkadana nazo pafoni zija. Nkhani yanga ndi ya iyeyo. Mwana ameneyu anakhala milungu itatu osandilankhula, m'nyumba ya anthu awiri, ndipo mlandu wake ndabwera kudzautula kwa inu.

Kuntchito ndili ndi mnzanga wakonkuno, Noreen, amakhala ku Lucan. Iye ndi mwamuna wake ali ndi kalavani. Inu simunaionepo: ndi kanyumba ka mateyala kokokedwa ndi galimoto, mkatimo muli bedi, kasitovu, sinki, zonse. Sukulu zikatsekera amakaisiya kunyanja ku Wexford. Noreen ataona kuti chimwalirireni inu sindinapumeko, anandiika makiyi m'manja kuti ndipite ndi mwana masiku anayi. Tinapita pabasi. Amayi, tinasangalala! Tadala ankandiseka mpaka kugwa pamchenga poona mmene ndinkathawira madzi ozizira, chitenje m'manja. Masana ankagona atatsamira mwendo wanga ngati kale ali wamng'ono. Ndinali nditaiwala kuti mwana wanga amaseka mokweza chotero.

Ndiye linafika tsiku lomaliza, ndipo munafika inu. "Chobwereka chimabwerera chikuwala." Si mawu anu amenewo? Munkawanena pa poto wa eni, pa khasu, ngakhale pa sefa. Ndinadzuka nawo m'mamawa. Ndinakwecha mapoto a Noreen mpaka anaoneka ngati angochoka kusitolo, ndinakolopa pansi, ndinakuntha mamatiresi. Anatsala mawindo. Anali atachita mbuu ndi mchere wa mphepo yakunyanja, kwina zitosi za mbalame zitaumirira. Ndinatulutsa sitiliwulu m'chikwama, pakuti mwana woleredwa ndi inu sayenda wopanda sitiliwulu, ndipo ndinapatsa Tadala kuti akweche.

Anandiuza, amayi. Anandiuza mwaulemu, m'Chingerezi chakecho, kuti mawindo amenewa si agalasi, ndi apulasitiki, akandika. Anagogoda ndi chala kuti ndimve kulira kwake. Ine kumva? Pakamwa panga panatuluka inu yense: "Iwe, unabadwa liti kuti uzindiphunzitsa kutsuka? Manja lende! Kwecha!" Anayesanso kachiwiri. Ndinamuuza kuti ndi mwana wopanda pake, wodziwa foni basi, ndipo akanakhala kwathu bwenzi anthu akumuloza zala. Anatenga sitiliwulu uja. Anakwecha mawindo onse anayi, misozi ili chuchuchu, ine nditaima kumbuyo kwake manja m'chiuno ngati kapitawo.

Ali onyowa ankawala bwinobwino, ndipo ndinamuuza kuti waona tsopano. Atauma, mayo ine! Mizere yokhayokha, yozungulirazungulira, yoyera. Ukayang'ana kunja unkangoona ngati ukusuzumira m'pepala la shuga. Ndinathira madzi, anawala. Anauma, mizere inabwerera. Ndinathiranso, ngati wamisala.

Noreen ndi mwamuna wake anafika masana kudzakoka kalavani yawo. Bamboyo anayendetsa chala pawindo limodzi. Noreen anafunsa chachitika n'chiyani. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa apa ndi panu. Ndinaseka kaseko kamanyazi, n'kunena kuti ndi mwanayu, anafuna kuthandiza koma ana amasiku ano safunsa. Ndinatero ine, Tadala ataima pomwepo chikwama kumsana. Noreen anamusisita paphewa, kumuuza kuti asadandaule, aliyense amalakwitsa. Tadala sanadziteteze. Anangondiyang'ana, ndipo nkhope imeneyo ndinaidziwa, chifukwa inali yanga.

Mukukumbuka bulauzi yoyera ya mai a Fanny, oyandikana nafe aja? Musachite ngati mwaiwala. Munabwereka kuti muvale paukwati wa Azakhali. Pobweza munati muisite kaye, khala linagwa kuchokera m'simbi, pachifuwa penipeni bowo. Ine ndinali ndi zaka 11, ndinali pakhonde ndikusenda nandolo, simbiyo sindinaikhudze n'komwe. Mai a Fanny atabwera munandikoka khutu, n'kunena kuti mwana wosamvayu ndiye wawotcha. Munathyola kamtengo ka pichesi n'kundikwapula pamaso pawo, mpaka eni bulauzi anachita kukugwirani dzanja. Madzulo ake munapha nkhuku, n'kundiikira mwendo m'mbale mwanga osandiyang'ana. Ndinadya. Nanga ndikanatani? Kumeneko ndiye kunali kupepesa kwanu, ndipo nkhani inathera pomwepo. Munkakonda kunena kuti wamkulu salakwa, amangoiwala.

Ndinakula ndikulumbira kuti zimenezo sindidzachitira mwana wanga. Ndinawoloka nyanja, ndinaphunzira, ndimasamalira makolo a eni mofatsa mpaka ana awo amandithokoza. Koma tsiku limodzi lokha la manyazi, ndinapezeka ndili inu. Make mbuu, mwana mbuu. Ndikakumbuka ndimanjenjemera ndi ukali, ndipo sindidziwa kuti ndiyambe kumenya ndani, inu kapena ine.

Titabwerera ku Coolock, Tadala anatseka pakamwa. Sanachite mwano, ayi. Mbale ankatsuka, kusukulu ankapita. Ndikamufunsa kanthu ankangogwedeza mutu, ndikalowa pabalaza iye ankatuluka. Ine, chitsiru, ndinayesa mankhwala anu omwe aja. Ndinaphika nkhuku, ndinamuikira mwendo. Anadya mpunga, mwendowo anausiya pambali pa mbale. Ndinamugulira nsapato zomwe wakhala akuzilirira, zinakhala m'bokosi mwake pakhomo la chipinda chake. Mlungu wachiwiri ndinamumva akuseka pafoni ndi mnzake, ndipo atamva mapazi anga anasiya. Amayi, ndinachita mantha. Kuno mwana akakutaya palibe azakhali oti akakhale naye pansi. Amangodikira zaka 18, n'kunyamula chikwama.

M'malo mokonza mwana, ndinathamangira kukonza mawindo. Mwamuna wa Noreen anati kalavaniyo ndi yakale, mawindo a mtundu umenewo amavuta kwambiri kuwapeza. Ndinawapempha kuti andilole ndiyese. Ndinaonera pafoni mmene amachitira odziwa, ndinagula zofunika, ndipo Loweruka lililonse ndinkakwera mabasi awiri kupita ku Lucan, komwe kalavani inaima pakhomo pawo.

Ndikuuzeni mmene amachitira, mwina muphunzirepo kanthu kumeneko. Umayamba watsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, ndi kansalu kofewa, kuti pasatsale ngakhale kamchenga kamodzi. Kenako umayendetsa chikhadabo pamzere uliwonse. Chikadutsa bwino, mzerewo utha. Chikakodwa, walowa kwambiri, ungopemphera. Ndinayamba ndi mankhwala otsukira mano, ena amati amathandiza, koma pa ntchito ya sitiliwulu anangonunkhiritsa windo basi. Ndiye sandipepa. Umamata tepi m'mphepete kuteteza labala, umaviika sandipepa m'madzi, n'kumapukuta mopepuka, windo lili lonyowa nthawi zonse. Umayamba ndi wa 1000, kenako 2000, kumalizira 3000, wosalala ngati pepala wamba. Ukasintha sandipepa umasinthanso njira, uyu chopingasa, winayo chotsika. Loweruka loyamba windo linachita mbuu kuposa kale, mtima wanga unachita phaa, ndinati ndaonongeratu. Koma ndi mmene zimakhalira. Pamapeto umapaka polishi wake wa pulasitiki ndi nsalu yofewa, pang'onopang'ono, mpaka phewa kuwawa, ndipo kuwala kumayamba kubwerera.

Chimene chinkandipsetsa mtima n'choti ntchito imeneyi sifuna mphamvu. Ukakanikiza umakumba dzenje, ukafulumira pulasitiki imatentha. Inu munandiphunzitsa dzanja limodzi lokha, lokanikiza. Mwamuna wa Noreen anachita kutuluka kawiri kudzandiuza kuti ndichepetse mphamvu. Ndinkapukuta ndikukutukwanani chamumtima, Mulungu andikhululukire.

Loweruka lachitatu Noreen anati ndibwere ndi Tadala adzadye nawo nkhomaliro, kuti aone kuti palibe amene wamusungira mangawa. Tadala anavomera chifukwa cha Noreen, osati ine. M'basi, poti zakuno n'zosanja, anakakhala kumwamba, ine pansi. Titafika ndinamaliza windo lachinayi. Atatu anawala mpaka unkaona masamba a mtengo wakutsidya kwa msewu. Lachinayilo linatsala ndi mzere umodzi pakona, wozama, umene unakaniratu. Noreen anaomba m'manja, n'kukumbatira Tadala. Anamuuza kuti aone mmene mayi ake avutikira kukonza cholakwa chake, ndipo kuti ali ndi mwayi kukhala ndi mayi wotere. Mwana wanga anayang'ana pansi n'kunena kuti zikomo.

Zikomo ameneyo ndiye anandithyola. Ndinaika nsalu pansi. Ndinauza Noreen kuti ndinanama, kuti sitiliwulu ndinatulutsa ndine, mwana anandichenjeza kawiri, ine ndinamukalipira mpaka anamvera, ndipo iwo atafika ndinamukankhira mlandu chifukwa cha manyazi. Mwamuna wa Noreen anakumbukira mwadzidzidzi kuti ketulo ili pamoto. Analowa m'nyumba onse awiri, tinatsala ine ndi Tadala pambali pa kalavani.

Ndinamupepesa m'Chingerezi. Anapukusa mutu. Kwa nthawi yoyamba pa milungu itatu anandilankhula, ndipo anati kupepesa kumeneko ndi komwe ndimauza anthu m'basi ndikawaponda phazi. Anati ndinamunyoza m'Chichewa, ndiye ndimupepesenso m'Chichewa.

Amayi, lilime linalemera. Ndinafufuza m'mutu mwanga monse mmene wamkulu amanenera mawu amenewa kwa mwana, ndipo sindinapeze poonera, chifukwa m'nyumba mwanu sanamvekepo. Ndinati, "Tadala mwana wanga, pepa. Ndinalakwa ndine. Iwe unanena zoona, ine ndinakunamizira." Mawu anatuluka okhotakhota ngati a munthu wophunzira kulankhula. Iye analira, ine ndinalira, pakhomo pa eni, masanasana. Anandiuza kuti akadali wokwiya, ndipo ndinati ali ndi ufulu. Pobwerera anakhala mpando umodzi ndi ine, ndipo tisanafike m'tauni anali atayamba kundifotokozera za mphunzitsi wake wa masamu amene amamutopetsa.

Ndiye tamverani. Sindinafe. Ulemu wanga sunagwe pansi, mwana sanandikwere pamutu monga munkaopsezera. Zinanditengera nthawi yochepa kuposa kusenda mbatata imodzi. Inu munali ndi zaka makumi atatu zoti munene mawu amenewo. Ndinkakuimbirani Lamulungu lililonse, munkandiuza za mitengo ya feteleza, za maliro a anthu osawadziwa, za miyendo ya Azakhali. Mlungu wanu womaliza, muli m'chipatala, Yohane atakuikirani foni pakhutu, munati muli ndi mawu oti mundiuze. Ndinatuluka m'chipinda cha wokalamba amene ndinkamusamalira, ndinakaima pakhonde la kuntchito, ndikuti lero ndi lero. Munati ndisaiwale kutumiza mankhwala opaka m'mawondo aja.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndicho chimandipweteka kwambiri. Mukanakhala munthu woipa bwenzi nditakuiwalani kalekale. Ndikulonjeza kuti chaka chamawa ndibwera ndi Tadala, tidzalambula pamanda panu ndi manja athu. Ndidzamuuza zabwino zanu zonse, mmene munandiberekera kumbuyo mpaka kuchipatala ndili ndi malungo, ndili mtsikana wamkulu kale, miyendo ikukwekwereka pansi. Koma ndikadzagwada pamenepo musadzayembekeze kuti ndinene kuti ndakukhululukirani. Simunapemphe.

Ndine mwana wanu,
Enelesi