Nyumba ya Amayi Ili ndi Anthu

Gimhae, mwezi wa Disembala

Okondedwa achemwali anga a Bok-rye,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Toronto kumeneko. Bondo lija likuti bwanji ndi chisanu chakumeneko? Ine ndili bwino, kupatula msana womwe umadandaula ndikanyamula mabeseni a kimchi, ndiwo zathu za kabichi wowawasa zija, kumsika.

Uthenga wanu woti mwapeza wogula nyumba ya malemu amayi ndinaulandira. Ndasankha kuyankha papepala chifukwa pafoni mumandidula mawu, ine n'kumangoti inde.

Achemwali, m'nyumbamo muli anthu. Ndinawalowetsa ndine, osakufunsani.

Ndi mayi wina dzina lake Arwa, wothawa nkhondo ku Yemen, ndi ana ake aakazi awiri. Mwamuna wake anatsala komweko ndipo sizikudziwika ngati ali moyo. Ndinamudziwa chaka chatha atabwera pabenchi panga kudzagula ndiwo. Chikoreya sankachidziwa, ndiye analoza beseni n'kulira ngati nkhumba pofuna kufunsa ngati munali nyama yakeyo. Msika wonse unafa ndi phwete. Iye sanathawe, anaseka nawo. Ndinati mumtima, mkazi uyu sagonja, ndipo posakhalitsa ndinamulemba ntchito yodula kabichi.

Chiyankhulo anaphunzirira pamsika pomwepo, makamaka kwa Mayi Pyo ogulitsa nsomba aja. Pakamwa pawo mukupadziwa.

Mwezi watha nyumba imene ankachita lendi inayamba kugwetsedwa, ndiye tinayenda limodzi kufuna chipinda. Pafoni eni nyumba ankati malo alipo, koma akangoona mpango kumutu kwake ankati chipindacho changotengedwa kumene. Bambo wina anandiuza Arwa ali pomwepo, poganiza kuti sakumva, kuti anthu amenewa amaswana ngati makoswe. Arwa anawerama mwaulemu n'kunena kuti, "Bambo, makoswe muli nawo kale. Zitosi zawo ndaziona kuseri kwa chitseko."

Tili panja tinaseka. Koma m'basi anayamba kulira chamumtima. Anati iye zotukwana wazizolowera, chomuwawa n'choti mwana wake wamkulu anali nafe, ndipo amamva Chikoreya kuposa iye. Mwanayo anali atangoyang'ana pawindo. Titatsika ndinapita kukatenga makiyi a nyumba ya amayi.

Mayi Pyo atamva anandikuwa msika wonse ukumva: "Iwe Sun-rye, wasanduka boma tsopano? Mawa udzapeza mtundu wonse uli pakhonde." Ndinawayankha kuti ukabwera mtundu wonse, nsomba zawo zowolazo zipeza ogula. Anandinyanyalira ndithu. Koma tsiku lokonza kimchi ya nyengo yozizira pabwalo pa amayi, anatulukira ndi beseni lawo, n'kuyamba kukalipira Arwa kuti mchere wachepa, mmene amakalipirira mkazi wa mwana wawo. Kwa Mayi Pyo, kumeneko ndiye kulandira munthu.

Tsopano Lamlungu lililonse kumabwera amayi enanso othawa kwawo. Timakhala pansi m'chipinda chachikulu chija, ine n'kumawaphunzitsa kuwerenga zikwangwani za basi ndi kufotokoza matenda kwa dokotala. Sabata yatha wina anapita yekha kuchipatala ndi khanda lake n'kubwerako ndi mankhwala oyenera. Anatifotokozera ulendowo katatu konse.

Mukukumbukira kuti amayi anachoka kumpoto kwa dziko lino pa sitima yapamadzi nthawi ya nkhondo, alibe ngakhale nsapato, ndipo mayi wina wosawadziwa pachilumba cha Geoje anawagoneka mosungira mpunga mpaka nyengo yozizira itatha. Sindikutchula izi kuti ndikumangeni manja. Theka la nyumbayi ndi lanu, ndipo ndikudziwa kuti chipumireni alamu pantchito zinthu sizili bwino. Simunalakwe kufuna kugulitsa.

Pempho langa ndi loti mundidikire mpaka Arwa atapeza benchi lake pamsika ndi malo akeake. Wayamba kale kuphika buledi wakwawo, ndipo amatha dzuwa lisanafike pamutu. Si munthu wodzakhala pamsana pathu mpaka kalekale.

Wogula uja anabwera Lachiwiri ndi tepi yoyezera. Ndinamupatsa tiyi, n'kumuuza kuti ine sindisaina. Mukakana pempho langali sindidzakusungirani chakukhosi, ndinu akulu. Koma mudzakwere ndege, mudzaime pakhomo paja, mudzawauze ana awiriwo ndi pakamwa panu kuti atuluke. Ine mawu amenewo sindingawanyamule.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo mwana wanu Ha-rin mumuuze kuti azakhali ake akudikirabe chithunzi cha khanda lake. Bondolo muzilifunditsa. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Sun-rye