Njerwa ya Dothi la Kumwezi

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ife kuno tili bwino.

Amalume, njerwa yathu ya kuntchito ija yapsa! Dothi lija anabwera nalo kuchokera kumwezi, lotuwa ngati phulusa, taliwotcha m'ng'anjo popanda ngakhale dontho la madzi. Abwana anaimenya ndi hamala mpaka thukuta kamukamu, koma osasweka. Anangoti, "Iyi imanga nyumba!" Tinavina magolovesi ali m'manja. Ndinakumbukira muja munkandikalipira ndikaponda njerwa zanu zaziwisi.

Tsopano akufuna anthu okaumba kumwezi komweko, ndipo abwana akuti manja anga ndi abwino. Sindinawayankhe.

Kodi chipinda chakumbuyo chija chikadali chopanda munthu? Ndikati ndipite, mwana wanga adzafuna pokhala. Mdzukulu wanuyu savuta pa chakudya, kungoti amaopa kugona yekha.

Ndine,
mwana wa mlongo wanu.