Mwezi Umene Makina a Matabwa Anaima

Lolemba, 4 Juni 1984

Ndadzuka dzuwa litatuluka kale. Ine Esitere amene! Zaka zitatu ndakhala ndikukwera phiri m'chisanu kuti seveni koloko indipeze pa tayipi. Lero amayi anachita kundigwedeza phazi, ati amayesa ndadwala.

Ndilembe zimene zachitika. Lachinayi lapitali chitsulo chachikulu chimene chimazunguza macheka chinathyoka pakati. Kuno kulibe china. Ati chatsopano chichokera kunja, ndipo njanji ya ku Beira siikuyenda chifukwa cha nkhondo. Lachisanu Bambo Zilole, manijala wathu, ananena mawu m'Chingerezi, ine n'kutayipa, a Ganizani akapitawo n'kukakhoma pakhomo la ofesi. Mizere inayi basi: ntchito yaima, aliyense apite kwawo mpaka adzaitanidwe. Anthu makumi asanu ndi limodzi tinatsika phiri.

Koma lero sindinadandaule, ndisaname. Tinali kumunda kukumba mbatatesi. Dothi lozizira m'zala, fungo lake ndinali nditaliiwala. Amayi kuseka kagwiridwe kanga ka khasu, ati manja a muofesi.

Lachitatu, 6 Juni

Kizito anabwera kudzathandiza kusenza matumba. Munthu wocheka matabwa sadziwa kukhala, anamaliza mzere wonse ife tikukambirana poyambira. Amayi anamuotchera mbatatesi pomwepo, iye kudya ataima, maso pansi, ngati si iye amene amandiseketsa njira yonse tikamatsika kuntchito. Ukwati wathu ndi wa mu Seputembala. Ndikauwerengera masabata mtima umachita ngati ndathamanga.

Kuchigayo ndinakumana ndi Monika, mkazi wa a Alufeo oyendetsa thirakitala. Anandikokera pambali. Ati kwawo akunena kuti tonse tachotsedwa, wina anawerenga pepala lija n'kumasulira choncho. Ena ati kampani yagulitsidwa. Ndinamuuza kuti pepala silinatero, ndinalitayipa ndine. Ati nanga linati chiyani, mudzaitanidwa liti?

Lachisanu, 8 Juni

Nkhungu tsiku lonse. Ndasoka theka la diresi ya ukwati. Ndadya kanayi.

Lamulungu, 10 Juni

Pentekoste. Kutchalitchi ku Kasina kunadzaza mpaka panja, kwaya yathu inaimba bwino moti mlongo wa ansembe anadzatigwira chanza. Ndinali ndisanaimbe nawo chichokere Isitala.

Titatuluka, pamsewu panali bambo wina wa jekete lachikopa, akulemba anthu opita ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Lole ibwera Loweruka pa 23. Anzathu a kumakina anamuzungulira ngati akugulitsa mchere. Ndinaona msana wa K. pakati pawo.

Walembetsa. Anandiuza yekha pobwerera, mofatsa. Ati sangalowe m'banja manja ali lende, ndipo kumtunda kuja kwati zii, palibe wabwera, palibe walemba. Akadikira mpaka mvula, malo ku esiteti adzakhala atatha. Ndinafunsa za Seputembala. Ati mwina chaka chamawa. Sitinakangane. Anandinyamulira buku la nyimbo mpaka pakhomo.

Anthu asanu ndi awiri andifunsa za ntchito lero, poti ndine wa muofesi. Akuganiza kuti ndikubisa.

Lachiwiri, 12 Juni

Ndinakwera phiri popanda wondiitana. Amayi anati ndisakapute akuluakulu, masiku ano munthu wofunsafunsa sachedwa kutchulidwa. Ndinavala bwino, khadi la chipani m'kachikwama, ndinapita.

Kumakina kuli bata lochititsa mantha. Utuchi wanyowa, mitengo ya paini ili mulu pomwe anaisiya. Bambo Z. ndinawapeza okha muofesi, atavala chikhoti, akuyesa kutayipa ndi chala chimodzi. Atandiona anasangalala zenizeni, mpaka anandipatsa mpando wa alendo.

Ndinawauza zonse: za kuchigayo, za bambo wa jekete, za lole. Anagwira pakamwa. Iwo amaganiza kuti anthu ali phee kwawo kudikira. Ati akulikulu ku Blantyre anawaletsa kulonjeza chilichonse, ndiye anaona kuti bola kukhala chete mpaka tsiku lidziwike.

Ndinati, "Bwana, musalonjeze. Ingonenani chimene mukudziwa, ndi chimene simukudziwa. Mukakhala chete anthu akudzilembera okha makalata m'mutu."

Mawuwo atatuluka ndinachita mantha. Koma iwo anati, "Chotsani pepala langalo. Tilembe m'Chichewa."

Tinalimbana nayo mpaka masana. Iwo amayamba ndi mawu a muofesi, ine n'kuwafunsa ngati angawanene choncho kwa malume awo. Amaseka, n'kusintha. Pa mawu oti “posachedwa” tinakanganapo ndithu. Ndinati posachedwa ya ndani? Anawafufuta. Yatuluka motere:

“Simunachotsedwe ntchito. Dzina lanu lilipo. Kampani sinagulitsidwe. Chitsulo chatsopano chinaitanitsidwa ndipo chidzera njira ya ku Zambia. Tsiku limene chifike sindikulidziwa. Ndizikulemberani Lachinayi lililonse, ngakhale pasakhale chatsopano. Amene ali ndi funso auze wobweretsa kalatayi.”

Ndinaumirira kuti aliyense alandire yakeyake, dzina lake pamwamba. Makaboni atatuatatu, zala zachita kuuma. Iwo anasaina zonse, osadumpha.

Lachinayi, 14 Juni

Tsiku lokoma kuposa onse chiyambire chaka.

A Ganizani anandikweza panjinga, makalata m'thumba la nsalu. Poyamba tinadzera kwa a tcheyamani a nthambi ya chipani kuwaonetsa imodzi, kuti pasadzamveke zoti tikuchititsa misonkhano. Anaiwerenga, anati palibe vuto, n'kufunsa ngati mphwawo ali pa mndandanda. Alipo.

Kenaka midzi yonse ya m'munsi mwa Chongoni. Pokwera timatsika n'kumakankha, potsetsereka a G. amasiya mabuleki dala kuti ndikuwe. Munthu wamkulu ngati uja!

A Alufeo tinawapeza akukonza khola. Sadziwa kuwerenga koma dzina lawo amalidziwa, analiloza ndi chala chamatope. Ndinawawerengera kawiri. Kachiwiri anaitana Monika kuti amve yekha pamene pakuti simunachotsedwe. Monika analulutira pang'ono, n'kuchita manyazi. Pamene pakuti sindikulidziwa, a Alufeo anagwedeza mutu, ati apo ndiye bwana wanena zoona, akanatchula tsiku sindikanakhulupirira.

Si onse anakondwa. A Mavuto a ku macheka aang'ono anaipinda osamaliza, ati pepala sadya. Sindinawatsutse.

Mafunso ndalemba kuseri kwa kope lino, akwana khumi ndi anayi. Tabwerako ndi nzimbe, mazira asanu mu mpango, ndi nkhuku imene a G. anaimangirira kutsogolo, inalira njira yonse.

Ya K. ndinampatsa pomaliza. Anailandira ndi manja awiri ngati sindine.

Loweruka, 16 Juni

K. sanatchule za kalata. Anabwera, anawaza nkhuni, anaseka ndi amayi, anapita. Ine osafunsa. Diresi ndaisiya kaye.

Lachiwiri, 19 Juni

Kuofesi. Chatsopano palibe. Bambo Z. anayamba kuzengereza, ati kulemba kalata yonena kuti palibe nkhani si kudzichotsa ulemu kodi? Ndinawakumbutsa kuti anasaina okha za Lachinayi lililonse. Ati Esitere, inu mukanakhala loya.

Tinayankha mafunso limodzilimodzi. Za nyumba za kampani: okhalamo asasamuke. Za kuchipatala: makadi akugwirabe ntchito. A Alufeo anafunsa ngati anthu angatenge matabwa otsala aja, a makungwa, amene amangoola kuseri. Bwana anadabwa kuti palibe anafunsapo kale. Ati atenge, Lachisanu geti likhala lotsegula.

Funso lomaliza linali la a Mavuto: munthu akapita ku esiteti, dzina lake lifufutidwa? Bwana ati ili sangaliyankhe okha, aimba foni ku Blantyre. Anaimba ine ndili pomwepo, kudikira laini pafupifupi ola lathunthu. Anayankhula ataimirira. Sindinamve za mbali inayo, koma ndinamva iwo akuti anthuwa ndi amene akudziwa makinawa, tikawataya tidzayamba ndi ndani. Atatsitsa foni anali thukuta m'chisanu muno. Ati yankho libwera Lachisanu.

Lachinayi, 21 Juni

Makalata achiwiri. Lero anthu amatidikira panjira, ana kuthamanga kukaitana makolo awo tisanatsike n'komwe panjinga. Mayi wina wa ku Kabwazi amene mwamuna wake sagwira n'komwe kwathu anafunsa ngati yake ilipo.

Matako akupweteka. Keriyala ya a G. ilibe chifundo.

Lachisanu, 22 Juni

Phiri lonse matabwa! Amuna pamutu, amayi pamutu, ena pangolo. Anthu amene sanaonane masabata atatu akupatsana moni ngati abwera ku Joni. Wina anayambitsa nyimbo ya pokweza mitengo, onse kuvomera, mpaka alonda.

Bambo Z. anatuluka n'kuima pa sitepe, opanda pepala. Anayamba ndi kupepesa chifukwa cha mizere inayi ija. Manijala kupepesa, pamaso pa anthu. Kenaka anati Blantyre yayankha. Chitsulo chili m'njira, koma mwina Ogasiti, mwina Okutobala, sakudziwa. Amene akufuna kupita ku esiteti apite ndi mtima umodzi, sawaimba mlandu, ana sadya chiyembekezo. Dzina la aliyense likhalapo mpaka Khirisimasi. Angosiya adiresi kwa Esitere, kalata ya Lachinayi iziwatsata komweko, ndipo makina akadzalira adzaitanidwa monga wina aliyense.

Anthu anaomba m'manja. A Mavuto anavula chipewa.

Ine ndinaomba nawo, koma osati ndi mtima wonse. Ndiye kuti K. tsopano palibe chomuletsa. Ndadzikumbira ndekha. Ndinamuona kutali akusankha matabwa aataliatali, mosamala, sanayang'ane kumene ndinali.

Amayi ati ndidye. Ndadya pang'ono.

Loweruka, 23 Juni

Ndilembe bwinobwino.

Lole inafika cha m'ma teni pamsewu wa ku Kasina. Ine ndinakhala pa chitsa ndi kope la ofesi pamwendo. Amene analembetsa tsiku lija anali oposa makumi awiri, koma ndi katundu anabwera asanu ndi anayi. Bambo wa jekete sanakondwe, amangoyang'ana wotchi.

Anafola kwa ine mmodzimmodzi. Dzina, esiteti, bokosi la positi. A Mavuto anali oyamba, anandiuza kuti ndizilemba zilembo zazikulu, maso awo ndi ofooka. Akazi awo anandipatsa chinangwa chophika.

K. anali womaliza pamzere. Ndinamuona kuyambira pachiyambi, malaya ake a Lamulungu, koma ndinalimbikira kuyang'ana m'kope. Atafika ndinalemba dzina lake ndekha, sindinafune kuti mawu anga amveke. Kenaka ndinafunsa monga ndinafunsira ena onse, kuti kalata yanu tizitumiza kuti.

Anakhosomola. Anati, "Lembani kuti kwa amayi anu, kumunsi kwa mapichesi. Ankhoswe apita m'mawa uno kukapempha malo. Ndikufuna ndiyambe kukumba maziko Lolemba, dothi lisanaume."

Ndinakweza mutu. Analibe katundu. Chikwama chimene ananyamula chinali cha a Mavuto, amangowathandiza.

Ndinafunsa za ntchito, nanga chitsulo chikachedwa mpaka Okutobala? Ati ndiye kuti nyumba idzakhala itatha, ndi khola lomwe. Ati munthu amene wanena poyera kuti sakudziwa, tsiku limene adzadziwe adzanenanso, iye adikira.

Lole inaliza hutala. Ndinaimirira kuti nditsazike anthu, kope linagwa, a Ganizani analitola n'kuwerenga mzere womalizawo mokweza, msewu wonse kumva. Monika analulutira, ulendo uno osachita manyazi.

Pa adiresi ndinali nditalemba kale “kwathu”. Sindikukumbuka kuti ndinalemba nthawi yanji.