Nem za Apongozi Anga

Lolemba, 2 Novembala
Tsiku lachisanu ndi chimodzi akazi anga a Yacine osadya. Mpunga wa nsomba akuukankhira kukhoma ngati wawatukwana. Adokotala ati akapitiriza chonchi abwerera kuchipatala, zotulukako sanatchule. Ndafunsa chimene mtima ukufuna. Ati, "Nem za amayi." Amayi awowo ali kumanda a ku Yoff chaka cha khumi ndi chiwiri. Tinkangowatchula kuti Maam Tchaina, ndiye kuti Gogo Tchaina, amene apongozi aamuna adabwera nawo pa sitima pochokera kunkhondo ya Afalansa ku Vietnam. Ine Mademba Samb, gewel mwana wa gewel, woyimba mibadwo ya anthu, pakamwa panga padatsegula zipata za nduna. Tinthu tokulungakulunga tokazingato tingandikanike? Mawa m'tauni, ku Plateau.

Lachiwiri, 3 Novembala
Ndayambira m'shopu ya buledi ya Chifalansa, poti mwana wathu Coumba ati masiku ano nem amagulitsa ngakhale mmenemo. Mozizira ngati mosungira maliro. Moni wanga wagwa pansi, womutola palibe. Mtsikana wa pakauntala, Chifalansa chotulukira m'mphuno. Ndamufunsa chiwongo. Sarr. Ndayamba kumuyimbira makolo ake a ku Fatick, ndisanafike ndi pa agogo omwe wati, "Agogo, pali mzere." Mwana wa Sarr kukana Asarr chifukwa cha mzere.
Buledi wawo wopindika uja, ukaluma ndi mphepo, zotsala zonse m'ndevu. Nem zawo, m'kati tchizi. A Yacine angonunkhiza. "Mwakwera basi kukatenga zimenezi?"

Lachitatu, 4 Novembala
Lesitilanti ya Chivietnamu, nyali zofiira, chinjoka pakhoma. Andipatsa timitengo tiwiri, nem yathawa m'mbale n'kukagwera patebulo la Mzungu. Ndasuzumira kukhitchini, wophika ndi Diallo uja ankatigulitsa makala ku Medina. Ndati, iwe Mfulani, ku Vietnam udapita liti? Wati, "Vietnam ili pachikwangwani, bambo. Kukhitchini kuno ndi kwathu ku Conakry."
A Yacine aluma kamodzi, alavulira m'kansalu.

Lachisanu, 6 Novembala
Malo ena atatu. Kwina mwini wake Mlebanoni, kwina nem zauma ngati zala za mtembo. Mapazi atupa. Mphete ya a Yacine yayamba kuvuka yokha.
Madzulo ndadandaula kuti tauni yonse ndaimaliza. Ayankha atayang'ana kukhoma. "Paukwati wa Coumba mudatchula a Samb mpaka kwa Adamu. Abambo anga, mibadwo isanu ndi iwiri. Mutafika pa amayi mudati, 'ndi mayi wa kutsidya la nyanja', ng'oma n'kupitiriza."
Ndati mayina a kumeneko ali ngati kuyetsemula, ungawayimbe bwanji. Sanaseke. Zaka makumi anayi akuseka nthabwala imeneyi, kapena ndine ndinkaseka ndekha.

Lolemba, 9 Novembala
Masiku awiri osatuluka. Coumba wayamba kulongedza chikwama cha kuchipatala mobisa, ngati ndilibe maso.
Lero kumbuyo kwa msika wa Sandaga, kalesitilanti ka matebulo anayi, kopanda chinjoka. Fungo la msuzi wa nsomba zovunditsa landilandira pakhomo, lomwe lija ndinkatsekera mphuno kwa apongozi. Pakona gogo wamng'ono ngati mwana, mano awiri, Madame Cuc. Chiwolofu chake chakuthwa kuposa cha amayi ogulitsa nsomba. Ndati ndikufuna nem ngati za Maam Tchaina, mkazi wa Sajeni Faye.
Wati, "Tchaina ndi amako."
Iye ndi apongozi anga adakwera sitima imodzi. Mwezi wathunthu akusanzira m'chidebe chimodzi, a Yacine ali kamwana kolira pamiyendo. Wati, "Udadya m'nyumba mwake zaka zingati, iwe pakamwa pakuluwe, dzina lake osalidziwa?"
Wanditchulira: Pham Thi Sen. Mwana wa Pham Van Luc, wokhoma mabwato ku Nam Dinh. Mayi wake Dao, amene adathamangira galimoto ya asilikali yotenga mwana wakeyo mpaka kugwa. Sen ndi duwa lomera pamatope.
Ine amene ndimamva mbiri ya banja kamodzi n'kuisunga mpaka kufa, wandibwerezetsa kasanu ndi kanayi. Ndikalakwa, supuni pachala. Ati ndikutchula ngati mbuzi yotsamwa. Makasitomala kuseka. Nem wandikulungira zisanu ndi imodzi. Ndalawa m'basi. Nem wamba, zosasiyana kwenikweni ndi za Diallo.

Lachiwiri, 10 Novembala
Dzulo ndidafika a Yacine ali m'tulo, nem zagona m'mbale. M'mawa uno ndavala mkanjo woyera wa maukwati, ndayima kumiyendo kwa bedi. Coumba amayesa ndapenga. Ndayambira pa Dao, ndabwera pa Luc ndi mabwato ake, kenako Sen, duwa la pamatope, wowoloka nyanja ndi mwana pamiyendo.
Sanalire. Atambasula dzanja, atenga nem yozizira ya dzulo, aviika mu msuzi. Theka. Kenako yonse.
Ati, "Sizikufanana n'komwe ndi za amayi. Ndipo Nam Dinh mukutchula molakwika. Bwerezani."
Atenga yachiwiri.