Msana wa Yusufu usanyowe

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ife kuno kwa Mponda tilipo. Mpongozi wanu Asiyatu, mkazi wa Yusufu, wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chimanga chinapserera ndi dzuwa, koma mpunga wa kudambo watipulumutsa.

Nkhani yaikulu ndi manja a mlongo wanga Yusufu. Chiyambireni ntchito yomata maboti ndi utomoni wa m'zitini uja, zala zake zimatuluka matuza, kuyabwa, kenako kung'ambika. Wafika polephera kunyamula khanda lake. Azakhali akuti wina kudoko wamuchita chipongwe. Ine ndinakumbuka mawu anu aja, akuti matenda safunsidwa kwa anansi, ndipo ndinamukokera kwa dokotala wa khungu.

Muone mmene amayezera, Amayi. Satenga magazi ayi. Amatenga pang'ono pa chinthu chilichonse chimene akuchikayikira, kuika pa kachigamba kakekake, n'kumata pamsana pomwe khungu lili bwino. Tizigambato timakhala masiku awiri, msana osanyowa. Akamatula amayang'ana, n'kudzayang'ananso tsiku lina, chifukwa khungu limayankha mochedwa. Pamene pafiira ndi kutupa, mdani ndi ameneyo.

Ulendo woyamba zinalakwika. Anamumata Lachitatu kuti akamatule Lachisanu masana. Lachisanu m'mawa Yusufu anasamba thupi lonse pokonzekera swala ya Ijumaa, monga munamuphunzitsira kuti kumzikiti sapita ndi thukuta ladzulo. Tizigamba tonse tinatsala pansi kubafa. Ndinakwiya, kenako ndinaseka, poona kuti mlanduwo ndi wanu.

Tinakabwereza Lolemba. Ndinamufotokozera modekha kuti kutawaza nkhope, manja ndi mapazi palibe choletsa, koma msana ndi wa adokotala. Anamvera. Pa malo onse aja, pa utomoni pokha ndi pamene panatupa, ngati pamuluma linthumbu.

Tsopano akuumirira kuti azingovala magolovesi. Ndamuuza zimene tinamva kuchipatala, kuti thupi likadana ndi utomoni silidzagwirizana nawonso, ndipo umalowerera ndithu m'magolovesi wamba. Ndalankhula kale ndi amalume kuti amuphunzitse kukonza mainjini a maboti. Akunyinyirika, koma mukundidziwa, liuma ndinatengera inu.

Ndikukulonjezani, Amayi, mvula isanagwe Yusufu adzakhala atanyamula mwana wa dzina lanuyu ndi manja opola.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mariamu