Madzi a pa kasupe wanu

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno chiperoni chafika msanga chaka chino, ndipo m'mawa uliwonse ndimakumbuka mmene munkadandaulira mawondo.

Ndiyambe ndi zabwino. Felesiya, mng'ono wanga uja munkati sadzakhazikika, wabereka mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chenicheni, ngakhale kakwiyidwe. Nandolo wachita bwino kumunda wa kumtunda. Denga la khitchini linagwa ndi mvula. Amalume anabwera kudzaliona, n'kupukusa mutu, n'kudya, n'kumapita. Mukuwadziwa alongo anu.

Ntchito ndikadali nayo ku fakitale ija ya kufupi ndi Chonde, yophika mapepala akale n'kuumba makatoni ndi matileyi a mazira. Chichokereni inu anandikweza. Lamulo limati madzi otuluka m'fakitale aziyamba asefedwa m'dziwe asanalowe mumtsinje, ndipo mwezi uliwonse tizitumiza mabotolo awiri ku Blantyre kuti akayezedwe. Wotunga mabotolowo ndine, wosayina pepala lake ndinenso.

Apa ndiye pakundiwawa, amayi. Pampu ya dziwelo inafa chaka chatha, ndipo madzi amangodutsa, otuwa, onunkha ngati dzira lowola. Bwana anandiuza kuti ndizitunga kwina kulikonse koyera mpaka pampu idzakonzedwe, apo ayi boma litseka fakitale ndipo tonse tikhala pakhomo. Ndiye mukudziwa kumene ndakhala ndikutunga? Pa kasupe wanu uja, kuseri kwa nsungwi, pamene munanditengera ndili wamng'ono n'kundiuza kuti awa ndiwo madzi opatsa mlendo. Ku fakitale palibe wina amapadziwa. Mwezi ndi mwezi zotsatira zikubwera zabwino, bwana n'kumandiyamikira pamaso pa anzanga.

Koma kumunsi dimba lanu latha. Mpiru umangofiira usanakule. Pamwala munkachapira paja pamatirira zoterera ngati phala, ndipo achule ankatisokosa aja sakumvekanso. Felesiya amachapa matewera pomwepo poti mjigo uli kutali. Mwana watuluka zilonda m'ntchafu ndi kumsana, moti ukamugoneka chagada amalira mpaka mawu kutha. Kuchipatala ku Boma anafunsa za madzi amene amachapira. Felesiya anawayankha kuti madziwo alibe vuto, chifukwa mkulu wake ndiye amawayeza. Anandifotokozera zimenezi monyadira, amayi. Ine ndinangomugwirira mwana miyendo kuti apake mankhwala.

Munkakonda kunena kuti choipa chitsata mwini. Changa chandilambalala, chatsata khanda lotchedwa dzina lanu. Ndili ndi manyazi aakulu. Mantha ndilinso nawo, sindikubisirani. Ndikaona amayi anzanga osankha mapepala, ena amasiye, mtima umandibwerera m'mbuyo. Fakitale ikatsekedwa adzandiloza chala pamsika, ndipo sindidzawayankha kanthu. Kubwerera kokathyola tiyi pa msinkhu uno sindikudziwa ngati msana ungandilole. Mukanakhalapo mukanandikalipira tsiku limodzi basi, n'kundiperekeza kokaulula.

Sabata yatha ndinakalambula pamanda panu. Ndinafuna kukuuzani pomwepo koma ndinalephera, n'chifukwa chake ndalemba.

Mawa ndipita kwa Felesiya ndikamuuze zonse ndisanakhale pansi. Akandithamangitsa, andithamangitse. Ndikatero ndisenza ndowa ndikamuonetse njira ya kuseri kwa nsungwi, poti inu simunapeze mpata womuonetsa. Lolemba mabotolo akupitanso ku Blantyre. Ulendo uno ndikatunga pamwala panu pompaja, dzuwa lili pamutu, ochapa akuona, ndipo ndisayina dzina langa lonse.

Kasupe uja munati ndi wa mlendo. Mlendoyo wafika, amayi, ali ndi chipumi chanu, ndipo ndikulonjeza kuti kuyambira mawa madzi ake azichokera kumeneko.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu woyamba,
Esinati