Zitsekerero zisanu zidatsegula pakamwa pa achimwene

Agogo,

Ndine telala pano pa Ntaja. Achimwene anga a Usumani adabwerako ku Teba chaka chatha ndi mwendo umodzi, winawo mwala udawadula kumgodi ku Joni. Chibwerere pakamwa adatseka. Miyezi isanu ndi itatu, ngakhale salamu ankangoyankha ndi mutu.

Pofuna kuwasangalatsa ndidapeka masewera. Loweruka masana timakhala pakhonde, ine, iwowo, a Goliati okonza njinga ndi mayi Bernadetta a zitumbuwa. Aliyense ali ndi munthu wake m'nthano. Ine ndimafotokoza kumene afika, iwo amanena chomwe munthu wawo achite. Poyamba ndinkagamula ndekha ngati zatheka kapena zakanika, a Goliati n'kumati, "Mukukondera abale anu!" Ndiye tidatola zitsekerero zisanu za mabotolo. Woyesa choopsa amaziponya patebulo. Zitatu zikagwa chagada wapambana, kupanda apo walephera.

Agogo, zomwe ndidaona ine! Tizitsulo totola m'fumbi tikamagudubuzika, akuluakulu amaleka kupuma. Mayi Bernadetta mpaka adapsereza zitumbuwa. Loweruka lachitatu achimwene adatambasula dzanja n'kunena kuti, "Munthu wanga awoloka mtsinjewo. Patseni kuno." Mankhwala adalephera, mapemphero tidachita, koma zitsekerero?

Tsono vuto ndi ili. Loweruka lapitali munthu wa a Goliati adagwera m'dzenje lakuya, dothi likugumuka. Achimwene adati wawo atsikira momwemo ndi chingwe. Mvula idatibalalitsa asanaponye. Lamulo lathu limati wolephera pamalo otere wafa, watuluka m'masewera. Ndikuopa kuti munthu wawo akakwiririka m'dzenje, iwonso abwerera kukhala chete. Ndidayesapo kale kutembenuza chitsekerero ndi chala, adandiona. Adati, "Iyayi, usandimvere chisoni," ndipo masiku atatu sadandiyankhule. Ndibere bwino, kapena dzenjelo ndilichotse?

H.B., Ntaja

Zikomo a H.B.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditavula magalasi. Zaka zonsezi ndayankha za mabanja ndi apongozi, koma zotere sindidamvepo. Ndagoma nanu.

Koma chala chanucho chibwezeni m'thumba. Achimwene anu atopa ndi kuchitiridwa zinthu. Kunyumba akuwanyamula, kumzikiti akuwapatsa njira. Patebulo panupo ndi pokhapo pomwe akufanana ndi a Goliati, chifukwa chitsekerero sichidziwa kuti woponya ali ndi miyendo ingati. Mukabera mwawalanda zimenezo. Dzenje nalonso lisiyeni. Adasankha okha kutsikiramo, ndipo inu mukudziwa chifukwa chake.

Cholakwika ndi lamulo lanu. Lili ndi makomo awiri okha, kupambana ndi kufa, pomwe moyo suyenda choncho. Tsegulani lachitatu. Zitatu chagada, zatheka bwinobwino. Ziwiri, zatheka koma pali chotayika: chingwe chaduka, nyali yazima, phewa laguluka. Chimodzi kapena palibe, zakanika ndipo zinthu zaipiraipira, koma nthano ikupitirira. Imfa ibwere pokhapokha mwini munthuyo atavomera yekha kuti apa ndikuika moyo.

Luso nalo lizilemera. Amene munthu wake amaidziwa ntchitoyo aponye zisanu ndi chimodzi, ndipo mnzake akagwira chingwe pamwamba, onjezani china. Mayi Bernadetta apeza chochita m'malo mongoonerera.

Musanaponye, nenani poyera chomwe chichitike zikagwa bwino ndi chomwe chichitike zikagwa moipa, onse amve. Ndiponso lamulo latsopanoli mulikhazikitse pamodzi masewera asanayambe, likhale la aliyense. Mukalitulutsa pakamwa pa dzenje, a Usumani adziwa kuti ndi chisoni chomwe chija chavala malaya ena.

Chenjerani ndi ziwiri. Pasakhale kubetcha ngakhale chitumbuwa chimodzi, chifukwa ikasanduka juga a shehe akuletsani, ndipo adzakhala akulondola. Komanso muzisewera pakhonde pomwepo, poyera, nthano zanu zizikhala za mitsinje ndi maenje basi. Anthu anayi okumana Loweruka lililonse sachedwa kufunsidwa kuti akukambirana chiyani.

Sindingakulonjezeni kuti zigwa chagada. Koma ku Joni mwala udagwa osawafunsa. Loweruka likudzali, aikireni zitsekererozo m'manja, aponye okha.

Agogo